Tsiku Limene Ndinatsutsa a Zelikman

Kwathu ku Ntcheu anandilera kuti wamkulu salakwa. Akanena kuti mbuzi ndi nkhosa, iwe umangoti inde. Ulemu umenewu ndi umene unatsala pang'ono kuwatsekeretsa a Zelikman.

Ndimagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba kufupi ndi tauni ya Dún Laoghaire, kumaiko a azungu. A Zelikman anali Myuda wa zaka 88, wochepa thupi koma mawu ngati lipenga. Akamwa tiyi wam'mawa ankatsegula chibuku chawo cha mikangano ya arabi akale, aphunzitsi a Chiyuda aja. Ankawerenga m'chinenero chawo, kumasulira, kenako n'kufunsa aliyense amene ali pafupi, "Iwe ukuti bwanji?"

Ife tonse tinkangogwedeza mitu ngati gulo. "Zoona, bambo." Basi pamenepo ankamenya tebulo, kukuwa, ndipo tsiku lina anaponya kapu. Abwana athu, mayi Deirdre, analemba kuti mutu wawo wasokonekera. Anaitana dokotala kuti Lachisanu adzasaine zowasamutsira ku chipinda chapamwamba chokhomedwa, kumene mabuku olemera saloledwa.

Lachinayi ndikuwameta ndevu anandiuza chimene chinkawawawa. Kwa zaka makumi anayi ankawerenga ndi mnzawo mmodzi, amene anamwalira chaka chatha. "Kwathu munthu saphunzira yekha, Agatha. Ine ndikanena mfundo imodzi, iye ankanditsutsa kakhumi. Inu mumangovomera, ngati ndine maliro amene mukuwakonza."

Ndinachita manyazi, ndipo kenako ndinapsa mtima. Miyezi yonseyi tinkawapha ndi ulemu.

Lachisanu m'mawa mayi Deirdre anandilamula kuti ndisawapute, chilichonse anene ndivomere. Mnzanga Chilufya, wa ku Chipata, anaona nkhope yanga n'kundikokera pakona. "Iwe, ukufuna akuchotse pa rota ya ntchito? Ingonena yes, ten minutes chabe, tikwere sitima ya DART tizipita."

Dokotala anabwera, mtsikana wa magalasi, nakhala ndi fomu yake pamiyendo. Asanafunse kalikonse, a Zelikman anali atatsegula kale chibuku.

"Anthu awiri ali m'chipululu," anatero. "Mmodzi ali ndi botolo la madzi. Akagawana, afa onse. Akamwa mwini wake yekha, afika kumudzi. Rabi wina anati agawane, pasakhale woona imfa ya mnzake. Wina anati ayi, moyo wako uyambe. Ine ndili kwa wachiwiriyu." Anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Inu mukuti bwanji?"

"Zoona, a Zelikman," anatero mayi Deirdre ndi mawu onyengerera mwana. Ndinaona dzanja la mkuluyo likufumbata, likukwera. Likanangogunda tebulo, nkhani ikanathera pomwepo.

"Mwalakwa, bambo," ndinatero.

Chibadwire ndinali ndisanauzepo munthu wa imvi choncho. Mayi Deirdre ananditong'olera maso, koma ndinali nditayamba kale, ndipo zivute zitani sindikanasiya.

"Rabi wanu wachiwiriyo anangowerenga anthu amoyo. Sanamufunse womwa madziyo kuti amagona bwanji. Ine ndinamwa. Ndinathawa kwathu n'kusiya mwana wanga Yamiko ali ndi zaka zitatu. Pano ali ndi khumi ndi chimodzi, ndipo pa foni amanditchula anti. Ndinafika kumudzi, inde, koma mundiuze kuti ndinapulumuka?"

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti andipepesa, ndipo akanatero ndikanawada. Koma anaweramira kutsogolo, maso akuwala.

"Ukanakhala, mukanavutika nonse. Wakufa sabwerera ndi madzi."

"Nanga wamoyo wabwerera? Zaka zisanu ndi zitatu, bambo!"

"Ndiye vuto si kumwa, vuto ndi kuchedwa. Imeneyo ndi nkhani ina."

"Ndi nkhani yomweyo! Mukuthawa."

"Ine kuthawa?" Anakuwa, ine ndinakuwanso, misozi ili mbwembwembwe. Anatsegula masamba mothamanga, chala chikutsetsereka pa timalemba, akutchula amene anayankha ndani ndi chifukwa chake, osaphonya ngakhale mmodzi. Chilufya anangoima pakhomo ndi thileyi m'manja.

"Agatha, tuluka. Tikaonana ku ofesi," anatero mayi Deirdre.

"Ndibwera ndikamaliza, mayi. Sanandiyankhebe."

Dokotala anatsokomola, nati ali ndi mafunso ochepa. Kodi a Zelikman angamuuze kuti lero ndi lachingati?

"Lachisanu, ndipo mwabwera kudzanditsekera," anayankha osamuyang'ana n'komwe. "Dikirani kaye, dokotala. Mayiyu akundigonjetsa, ndipo ndikufuna ndione kuti atero bwanji."

Dokotala anayang'ana fomu ija kanthawi, naipinda osasaina. Kenako anakokera mpando wake pafupi ndi tebulo.

"Nanga botololo likanakhala la onse awiri?" anafunsa.