Waya Wofiira m'Galimoto ya Malemu

"Makiyi, mlamu," anatero Gregory, dzanja ali tambasu ngati kondakitala wa minibasi.

Panali patangodutsa masiku anayi chiikireni m'manda Mackford, mwamuna wa Immaculata, ndipo tenti ya maliro inali ikadali pabwalo la nyumba yawo ku Area 47. Gregory, mng'ono wake wa malemu, anali atakweza kale firiji, masofa ndi bedi mulole yopita ku Rumphi. Chimene chinatsala ndi galimoto basi.

"Ife kwathu timalowola," anapitiriza. "Ng'ombe zinapita, mwana sitinamuone. Ndiye tikusiyireni galimoto ya m'bale wanga muzikasakira amuna ku City Centre?"

Immaculata anapereka makiyiwo. Mawuwo anamulasa, koma misozi inali itatha kale.

Gregory atapotokola kiyi, galimoto inalira kamodzi, n'kutsokomola, n'kuzima. Mackford ankagwira ntchito ku Capital Hill, koma Loweruka lililonse mutu wake unkakhala pansi pa boneti. Matenda anamugwira ali mkati moika kabokosi kowerenga utsi. Kabokosiko kamamva kwa sensa ya ku ekizosi, n'kuuza kompyuta ya injini ngati mafuta achuluka kapena achepa. Anasiya mawaya ali lendelende: woyera wochokera ku kabokosi, wofiira wochokera ku batire, ndi wina wotuluka mukompyuta, nawonso wofiirira.

Immaculata ankawadziwa onse. Zaka khumi ndi ziwiri akugwirira bamboyo tochi ndi pulayala, dzuwa likumuphika, uku akukalipiridwa. "Gwira bwino iwe! Woyera ku kompyuta, wofiira ku kabokosi. Ukapereka moto wa batire ku kompyuta wawotcha zonse. M'mutumo muli chiyani kodi?" Zikomo, ayi ndithu. Ngakhale pampando wa dalaivala sankamulola kukhalapo.

Gregory anatsegula boneti, n'kupinda manja a shati.

"Zazing'ono izi, zosafuna makanika," anatero. Anagwira wofiira wa ku batire, n'kuyang'ana wofiirira wa ku kompyuta uja. "Wofiira ndi wofiira mnzake. Si choncho, mlamu? Paja inu mumakhala pomwepa."

Immaculata anayang'ana mawayawo, kenako anayang'ana lole, miyendo ya bedi lake ili m'mwamba. Liwu limodzi lokha likanapulumutsa galimotoyo.

"Ine ndingadziwe chiyani, alamu?" anayankha mofatsa. "Ndine mbuzi ya ku Mitundu, munanena nokha kumanda."

Gregory anapotokola mawaya awiriwo pamodzi, n'kukapotokola kiyi. Kunamveka thee! Kautsi kanatuluka pansi pa deshibodi, fungo la pulasitiki yopsa n'kudzaza bwalo lonse.

Masana Gregory anaitana Nasser, makanika wa ku Old Town. Iyeyo anangonunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Ndani wachita zimenezi? Kompyuta yapsa iyi, abwana, ndipo mtundu umenewu muno simungaupeze. Basi, muziikiramo nkhuku."

Gregory anatukwana malemu, anatukwana Lilongwe, n'kuponya makiyi m'fumbi pamapazi a Immaculata.

"Tengani chitsulo chanucho. Mwafanana, nonse osabereka kanthu."

Lole itatuluka pageti, Immaculata anamva kukoma, tisabise. Anatola makiyi, n'kukakhala pampando woletsedwa uja koyamba m'moyo wake, manja pachiwongolero. Dzuwa linkamuthobwa m'maso, ndiye anatsitsa chotchingira. Envelopu inagwera pachitenje chake chakuda.

M'katimo munali khadi la umwini wa galimoto. Dzina linali lake, Immaculata, losinthidwa miyezi iwiri yapitayo, nthawi imene Mackford ankanama kuti akupita kukaonana ndi dokotala. Pepala limeneli Gregory sakanalilumpha, olo akanabwera ndi mtundu wonse. Kuseri kwake kunali kapepala, zilembo zopindika za munthu wodwala:

"Imma, woyera ku kompyuta, wofiira ku kabokosi. Usalole wina aliyense agwire. Amene amadziwa ndi iwe."

Anawerenga kawiri.

Kenako anatsika, n'kutsegula boneti. Anamasula wofiira uja pamene Gregory anamupotokolera, n'kumubwezera ku kabokosi. Woyera anamulumikiza ku kompyuta yakufayo, n'kukulunga tepi katatu mothina, mmene malemu ankafunira.