Mdani wa Nazale ya ku Nsaru

Kalabu ya alimi a fodya ku Nsaru inakwirira timasensa m'nazale yake, tizipangizo tomva chinyezi. Dothi likauma, timatumiza uthenga wopanda waya ku mlongoti wa padenga la golosale ya a Mussa, pampu n'kudziyatsa yokha. Kenako timasensato tinayamba kukhala chete Lamulungu lililonse, mbande n'kumafota.

A Levison, wapampando wa kalabuyo komanso mkulu wa mpingo, sanachedwe nako kuganiza.

"Lamulungu tonse timakhala kutchalitchi," anauza komiti. "Amatsala panja ndani? Nanga mlongoti uli padenga la ndani?"

Analonjeza kutchula dzina la mdaniyo pagulu, n'kutumiza uthenga kwa a Mussa kuti akonzekere kutsitsa mlongotiwo. Anthu sanadikire dzinalo. Anayamba kukagula sopo kwina.

Lamulungu lotsatira m'mawa kunabwera Sylvia, katswiri amene anaika timasensato, atanyamula kamita koyezera mafunde a wailesi.

"Timasensa tili bwinobwino, bambo," anatero. "Koma pali chinthu chikukuwa pamafunde athu, ndiye sitikumvana. Zoterezi munthu amachita dala."

"Dala! Mwamva eti?" a Levison anatembenukira komiti ngati katswiriyo anamuphunzitsa ndi iwo.

Analunjika kugolosale. A Mussa anali pakhonde, akumwa tiyi.

"Fikani, apolisi. Mufufuze ndi m'matumba a shuga momwe."

Kamita sikanagwedezeke n'komwe. Kanayamba kukwera atatembenukira njira ya kutchalitchi.

"Ndiye wakabisa pafupi ndi nyumba ya Mulungu," a Levison ananong'ona. "Munthu wopanda mantha."

Kamita kanawalowetsa m'tchalitchi, kwaya ikuyeserera nyimbo, mpaka kuseri kwa guwa. Kumeneko kunali kabokosi kakuda ka tinyanga, kakuphethira.

"Aka n'ka ndani?" Sylvia anafunsa.

Kanali ka a Levison. Anawabweretsera ndi mkamwini wawo kuchokera ku Joni, atadandaula kuti mafoni amalira iwo akulalikira. Ankakayatsa okha Lamulungu m'mawa, n'kukazimitsa madzulo potseka zitseko.

"Aka n'kotontholetsa mafoni basi, mayi. Fodya sikamudziwa."

"Sikasankha, bambo. Ndikanasamutsira timasensa pamafunde ena, koma aka kamakuwa ponseponse. N'koletsedwanso. Mukazimitsa, kapena mbande ziume?"

Anakazimitsa ndi chala chimodzi, nkhope atayang'ana kumbali.

Pa zolengeza, a Levison anauza mpingo kuti mdani wa nazale wapezeka, ndi wochokera kunja kwa dziko, ndipo wagonja pansi pa utsogoleri wawo. Anawonjezera kuti sopo wa kwa a Mussa ndi wabwino kwambiri.

Ulaliki utafika pakati, foni inalira. Akhristu anayang'anana, aliyense akusisita thumba lake. Inali ya mlaliki, a Levison eni ake. Poizimitsa mwaphuma anadina poyankhira, mawu a a Mussa n'kumveka pamaikolofoni mpaka benchi yomaliza.

"Achimwene, pampu yayaka. Kodi mlongoti uja nditsitsebe?"