Lachisanu Lomwe kwa Chayo Kunali Kotseka

Ofelia Bracamonte anagwedezanso chitseko cha lesitilanti, ngati kuti chisintha maganizo. Chogwirira chinamuwotcha dzanja. Mkatimo munali mdima, mipando itagonekedwa pamatebulo miyendo m'mwamba.

"Bwanji sukulowa?" anafunsa mwamuna wake Eusebio, ataima pambuyo pake ndi chipewa chake choyera.

"Atseka, bambo. Chayo wapita kunyanja ndi ana ake."

"Chayo satseka Lachisanu."

Aliyense mumzinda wotentha wa Tucson amadziwa kuti Julaye akafika, eni malesitilanti ang'onoang'ono amakhoma zitseko n'kuthawa dzuwa. Ofelia naye ankadziwa. Chayo anamuuza ndi pakamwa pake sabata yapitayo, iye n'kuvomera ndi mutu, kenako n'kuiwaliratu. Nyumba imodzi oiwala awiri, zinthu zingayende bwanji?

Chomwe chinamuimitsa mutu chinali jakisoni. Eusebio anali ndi matenda a shuga, ndipo Ofelia anali atamubaya kale asananyamuke kunyumba, poti kwa Chayo mbale imafika munthu asanakhazikike n'komwe. Jakisoni uja akalowa m'thupi, munthu amayenera kudya msanga. Kupanda kutero amayamba kunjenjemera, kenako thukuta, kenako khu pansi. Kunyumba kunali kutali, mbali ina ya mzinda. Ndiye chiyambireni mutu wake kutaya zinthu, Eusebio sankalola kudya kwina kulikonse koma kunyumba ndi kwa Chayo, patebulo la pansi pa zenera. Pamenepo ndi pomwe ankabwerera kukhala Eusebio wakale, wonyogodola operekera zakudya ndi kuitanitsa tsabola wina.

M'galimoto munali ngati mu uvuni. Ofelia anavala magolovesi a kukhitchini kuti agwire chiwongolero, n'kupisa dzanja lina m'chikwama. Masiwiti omwe ankasungira tsiku ngati limeneli anali atasungunuka n'kusanduka phala.

"Nyambitani kaye aka."

"Ndine mwana ine?" Eusebio anayang'ana kumbali.

Anaima koyamba pa kanyumba kogulitsa khofi. Eusebio anasuzumira pakhomo, n'kuona anyamata ndi atsikana atazyolika pamakompyuta awo, aliyense ndi kapu yake.

"Wandibweretsa ku ofesi? Ndinapuma ntchito kalekale ine."

Anaimanso pa ngolo ya soseji yomwe inali pansi pa lona m'mbali mwa msewu. Wogulitsa anali atatsegula kale buledi, koma Eusebio sanatsike n'komwe.

"Ndidye choimirira ngati hatchi?"

"Hatchi imamva ikauzidwa," anatero Ofelia, uku akubweza galimoto mwaukali. Maloboti onse anachita ngati apangana, aliyense kufiira iye akangofika. Anayang'ana manja a mwamuna wake pamaondo. Zala zinali zitayamba kuvina.

Malo achitatu anali lesitilanti yaikulu, yokhala ndi timapaipi topemerera nkhungu pakhonde, ngakhale kuti pakhondepo panalibe munthu wopenga wokhalapo masana otere. Apa Ofelia sanafunsenso maganizo a munthu. Anamugwira pachigongono n'kumulowetsa, kumukhazika patebulo loyang'ana kukhomo, iye n'kuthamangira kwa mayi woperekera zakudya.

"Chemwali, chonde, chilichonse chomwe chapsa kale. Nyemba, mpunga, tortilla, ndi juwisi wa malalanje. Bambo awo ndi a shuga."

Mayiyo sanafunse zambiri. Ofelia anabwerera atanyamula yekha tambula ya juwisi, mbale zikumutsatira pambuyo. Atati akoke mpando, Eusebio anaika chipewa chake pamenepo.

"Pepani mayi, pampandopa pali munthu."

Ofelia anaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala zake zakale zija. Koma nkhope ya Eusebio inali yaulemu, ulemu womwe ankapereka kwa anthu osawadziwa kutchalitchi.

"Bambo, ndine Ofelia."

"Ooh, zoona? Ndiye ndinu mnzake wa dzina wa mkazi wanga. Ndikudikira iyeyo. Afika posachedwapa."

Mumtima mwa Ofelia munachita myuu. Eusebio anali ataiwalapo zambiri, njira ya kusitolo, mayina a adzukulu, ngakhale tsiku lomwe mchimwene wake anaikidwa m'manda. Koma iye anali asanamuiwalepo. Anakhala pampando wina n'kukankhira tambula kufupi ndi dzanja lonjenjemera lija.

"Chabwino. Akazi anuwo ndakumana nawo panja. Akuti muyambe kudya, akupezani."

Eusebio anaseka mpaka kutsokomola.

"Ofelia anene zimenezo? Ndiye simukumudziwa. Ndikangoyamba iye asanafike, ndimva nkhani imeneyo mpaka pa Khirisimasi. Chikwatirane, sindinaikepo kanthu pakamwa iye asanakhale pansi."

"Imwaniko juwisi yekhayu."

"Mayi, mwandikomera mtima, koma musandikakamize. Anthu angaganize zina."

Mkatimo munkazizira ngati m'firiji, koma pachipumi pa Eusebio panali thukuta. Ofelia anapsa mtima, kupsa mtima kwenikweni. Analakalaka atamugwira mphuno n'kumuthira juwisiyo kukamwa ngati mbuzi yodwala. Lamulo lomudikira lija analikhazikitsa ndi iye mwini ali mtsikana wamakani, ndipo pa zonse zomwe mutu wa bamboyu unataya, unasankha kusunga limenelo. Anatulutsa foni kuti aitane ambulansi, n'kuibwezanso. Ikanafika nthawi yanji ndi maloboti aja? Anaimirira, anakhalanso. Anaika mchere pomwe panali tsabola, tsabola pomwe panali mchere.

Eusebio sankamuona n'komwe. Maso ake anali pachitseko. Chikatseguka ankatukula khosi, akaona kuti ndi wina n'kulibweza.

Ofelia anayang'ana chitsekocho, n'kuyang'ana mwamuna wake. Kenako ananyamuka n'kupita kwa mayi woperekera zakudya uja.

"Chemwali, muli ndi khomo lakuseri?"

"Kudzera kukhitchini. Kwagwanji?"

"Mundiyang'anireko bambo awo. Asadzuke."

Anadutsa pakati pa miphika ndi ophika odabwa, n'kutulukira kuseri komwe kunali migolo ya zinyalala. Dzuwa linamumenya kumaso. Nyumbayo inali yaitali kuposa momwe inkaonekera, ndipo phula linkamata nsapato zake. Anayenda ndawala, mayi wachikulire wodwala maondo, akupuma mwawefuwefu, thukuta likutsikira m'maso. Atafika pakhonde la nkhungu lija anaima. Anakonza tsitsi, anakoleka chikwama paphewa. Anachita mantha kwambiri, chifukwa akanalowa bamboyo n'kumuyang'ana ngati mlendo, panalibenso khomo lina loti akayesere.

Anakankha chitseko mwamphamvu, n'kukuwa ngati ali pakhomo pake, ndi dzina lomwe ankamuitana nalo kunyumba.

"Chebo! Mwakhala kuti bambo inu?"

Anthu onse anatembenuka. Eusebio anatukula khosi. Anatsinzinira pang'ono, kuwala kwa panja kukumuthobwa m'maso. Kenako anakweza dzanja.

"Iwe Ofelia! Unali kuti nthawi yonseyi? Chakudya chazizira."

"Ndimasaka mthunzi woimikapo galimoto."

"Iwe ndi mithunzi yako! Udzatiphetsa ndi njala."

Anachotsa chipewa pampando. Ofelia anakhala, ndipo asanaike chikwama pansi anali atamugwiritsa kale tambula. Eusebio anamwa osapumira, juwisi wina akutsikira pachibwano. Anang'amba tortilla, kabuledi kopyapyala ka chimanga, n'kukolowola nyemba. Ofelia sanadye. Ankangoyang'ana zala zija mpaka zinaleka kuvina, ndipo mayi woperekera zakudya anamuikira madzi oundana pambali.

"Nyembazi sizikufika pa za Chayo," anatero Eusebio mbale itatsala pang'ono kuyera.

"Koma mwazimaliza."

"Ndi njala." Anapukuta pakamwa, n'kuweramira kwa mkazi wake, mawu atawatsitsa. "Ukudziwa, iwe kulibe panabwera mayi wina. Wokalamba ndithu, nkhope yotopa. Anangofika n'kukhala apo, ati idyani, imwani. Wamakani ngati ndani kaya."

"Ndiye munatani?"

"Ndinamukana. Ndine wapabanja ine." Anayang'ana uku ndi uku. "Wapita. Koma anandimvetsa chisoni. Amaoneka ngati alibe womuthandiza."

Ofelia anamwa madzi aja pang'onopang'ono. Ankadziwa kuti mayi ameneyo abweranso, mwina mawa lomwe kukhitchini kwawo, komwe kulibe woperekera zakudya woti amugwirire bamboyu iye akuzungulira nyumba. Anagwira dzanja la mwamuna wake.

"Chebo, mundimvere bwino. Mayi ameneyo ndimamudziwa. Ndinamutuma ndine. Mukadzamuonanso, akakupatsani chakudya, muzidya."

"Iwe usanafike?"

"Ngakhale ndisanafike."

Eusebio anamuyang'ana mokayika kwa kanthawi.

"Sudzandinena?"

"Sindidzakunenani," anatero Ofelia, n'kumuthirira nyemba zake m'mbale mwake.