Mkanjo Woyera ndi Jeke wa Jabiri

Chigalimoto cha Osvaldo chinkayamba kufika ndi fungo, mwini wake pambuyo. Kale chinali nyumba yoyenda ya azungu ena apaulendo, chokhala ndi bedi ndi kachimbudzi mkati, koma chitawafera pa Entre Lagos anachitaya. Osvaldo anachidzutsa n'kumanyamuliramo nsomba ndi anthu kuchokera ku Chiuta. Madzi a nsomba analowerera m'matabwa, ntchentche zinachita kumangamo mudzi.

Ndiye mwa masiku onse a Mulungu, chinthu chimenechi chinafika kwa Jabiri, womata matayala pa Insaca, tsiku limene iye anavala mkanjo woyera mbee. Amadikira a Masudi, amjomba ake a Subira, mayi wamasiye amene ankafuna kukwatira. Mkuluyo ankabwera kudzaona ngati mkamwini wake ndi munthu waukhondo ndi wolongosoka.

"Matayala akutsogolowa adyeka, muwasinthanitse ndi akumbuyo," anatero Osvaldo akutokosa m'mano.

Jabiri anaganiza kuti ndi bwino alendo amupeze akugwira ntchito. Anaimitsa chigalimotocho pamalo osatsetsereka, n'kutchinga matayala ndi miyala. Anafewetsa manati chikadali pansi, n'kuyala thabwa kuti jeke asatitimire mumchenga. Chipika chogwiriziza anachiika pafupi, poti jeke yekha sadalirika.

Panatsala chimodzi. Masiku onse Jabiri ankagona chagada kuti aone ndi maso chitsulo cha msana wa galimoto, pamene jeke ayenera kugwira. Koma pansipo pankadontha zamadzimadzi zanoninoni. Agone pamenepo ndi mkanjo? Iyayi! Anangonjuta, n'kupisa mkono, n'kukhudza chinthu cholimba chophwatalala kumbuyoko. Anati n'chomwecho.

Wangoyamba kupopa, anaona a Masudi akubwera ndi ndodo yawo, Subira ali pambuyo. Anapopa mwamphamvu kuti aoneke. Galimoto osanyamuka, koma kunsiko kunalira kuti phwe! Jabiri anasuzumira.

Mayo ine! Chimene jeke anaboola sichinali chitsulo, chinali thanki ya kachimbudzi kaja. Zinatuluka zonse nthawi imodzi, zakuda, zofunda, zophikidwa ndi dzuwa la zaka. Zinamuthira kumaso, m'ndevu, pachifuwa, mpaka m'thumba. Amayi ogulitsa tomato anathawa akulavula. Ngakhale galu amene ankagona pamenepo ananyamuka.

"Iwe Osvaldo, zimenezi sunazikhuthulepo?" anakuwa Jabiri, akusanza.

"Kukhuthula chiyani?" Osvaldo anayankha ali patali, mphuno ili m'malaya. "Si chimangogwetsa pansi ngati cha m'sitima? Anthu anga onse amalowamo, palibe anadandaulapo."

Anthu onse! Jabiri anakumbukira nkhope za ogulitsa nsomba amene ankatsika m'menemo sabata ndi sabata, ndipo anasanzanso.

A Masudi anaima kutsidya la msewu, kansalu kali pakamwa. Anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kuzala, ngati munthu woyang'ana mbuzi yofa yokha. "Mkamwini wake ndi ameneyu?" anafunsa. Sanadikire yankho. Anatembenuka n'kulunjika kokwerera shapa, minibasi za kumeneko.

Jabiri anangoti chilili, manja ali m'malere, osadziwa pogwira. Ankadzinyansa yekha. Subira nayenso anachoka, ndipo Jabiri anati basi, banja lathera pomwepa.

Patapita kanthawi mayiyo anabwerera atasenza ndowa. Anaitula patali, n'kuikankha ndi phazi, n'kuponya sopo ngati akuponyera galu fupa.

"Amjomba akana," anatero, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Nanga inuyo?"

"Ine ndasenza madzi, simukuona? Koma musandiyandikire, a Jabiri, chonde. Ndipo mkanjowo muwotche nokha. Ndinakusokerani ndine, koma sindiuchapa."