Mpira unali wofunda m'manja mwanga

Ndinalota tikusewera masewero otsekera chaka, ndipo mpaka pano manja anga sanaiwale. Timu yathu ya mpira wa ku Amereka, uja wonga dzira, tinaiyambitsa chaka chomwe chino, amakanika ndi akabaza okhaokha, ndipo sitinapambanepo. Anzanga akuti tikagonjanso Loweruka, basi ithe.

M'malotomo bwalo linali munda wolimalima, mizere mpaka kuphiri. Masiponji a matiresi amene timasokerera m'mapewa anamwa mvula, nkumalemera ngati matumba a simenti. Mpira unandifika m'manja uli wofunda, ukugunda ngati mtima. Anyamata a timu inayo anandikakamira m'miyendo, ine nkumangowakoka ngati ng'ombe yapangolo. Kumapeto kwa munda kunaima malemu bambo anga, khasu lili paphewa.

"Iwe Yohane, usagwetse chimenecho, n'chamoyo."

Nditawafotokozera akazi anga m'mawa, anaseka. "Bambo a Tadala, si nyemba zadzulo zija zimenezo?"

Mwina ndi nyembadi, tanthauzo lake sindikulidziwa. Koma mpirawo sindinaugwetse. Loweruka, wofuna kuthetsa timuyi ayambe wandilanda kaye.