Sileti ya Hilary

Amake Hilary sankafuna mwana wophunzira kwambiri ayi. Ankangofuna mwana wosasenza katundu wa azungu. Mwamuna wawo anathera pa mtengatenga, kukwera ndi kutsika phiri la ku Katunga mpaka khosi linalowa m'mapewa, ndiye Hilary atalandiridwa pa sukulu ya aphunzitsi ya pa mishoni ku Blantyre, iwo anati basi, mmodzi wapulumuka.

Koma sukuluyo inali yosaseka ndi munthu. Ophunzira analipo makumi awiri okha. Mapepala anali a akuluakulu a chaka chomaliza, ena onse ankalemba pa sileti. Lolemba mzungu wa masamu, amene anyamata ankamutcha Che Ndevu, ankapereka samu imodzi, ndipo Loweruka belu la masana likalira ankayendera masileti. Wolakwa katatu ankapinda mphasa yake n'kubwerera kwawo. Hilary anali atalakwa kale kawiri.

Loweruka limenelo mayiyo anatsika ku Ndirande ndi dengu la chinangwa ndi mtedza. Anapeza anyamata onse ali ku dambo, akuumba njerwa monga mwa lamulo la sukulu. Atasuzumira m'gowelo mogona mwana wawo anagwira mphuno.

"Awa ndiye aphunzitsi a mawa? Khola la mbuzi lili bwino."

Anamanga nsalu m'chiuno, kusesa, kukutumula mabulangete, kutola mbale zonse kupita nazo pa mtsuko. Pansi pa mphasa anapeza timiyala tiwiri tafulati takuda, todzaza mizeremizere yoyera ngati papalasa nkhuku. Anati ana awa mpaka kudyera pa miyala osatsuka. Anatikwecha ndi phulusa mpaka tinawala, n'kutiyanika pa dzuwa pamodzi ndi mbale.

Hilary anafika matope ali m'miyendo, mnzake Ackim ali pambuyo. Ataona zimene zinali pa thandala anakhala pansi osapereka ndi moni womwe.

"Amayi! Samu yanga!"

"Moni kaye, iwe."

"Mwatsuka samu! Belu likalira ndithamangitsidwa!"

Mayiyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana sileti. Anazindikira ndithu kuti alakwitsa, koma sanali munthu woonetsa zimenezo pamaso pa ana.

"Nanga zimene unalembazo zinachokera m'mwalamo kapena m'mutu mwako? Lembanso."

Hilary anaweramitsa nkhope. "Ndinakopera kwa Ackim."

"Ndiye koperanso."

"Inayo ndi yangatu, amayi," anatero Ackim ndi mawu a munthu wa pa maliro. "Mwatsuka zonse ziwiri."

"Iwe unazitenga kuti?"

Zinadziwika kuti Ackim anagula yankho ndi nzimbe ziwiri kwa mnyamata wa chaka chomaliza, ndipo gowelo lonse linakopera kwa Ackim. Koma tsopano aliyense anali atatsekera sileti yake m'bokosi, ndipo pa tsiku la Che Ndevu panalibe wobwereka mnzake ngakhale singano.

"Sukulu yonse mutu umodzi, wogula ndi nzimbe," anatero mayiyo. "Tanena samu yakoyo ndimve."

Hilary anainena ngati akuwerenga mlandu wake. Pa doko pali mitolo zana limodzi ndi makumi awiri. Amtengatenga alipo makumi awiri ndi anayi, aliyense mtolo umodzi. Kubwera ndi kubwerera ndi masiku anayi. Akayamba Lolemba, ntchito idzatenga masiku angati?

"Basi? Zimenezi ndi zimene mukuwondera? Bambo ako ankaziwerenga ali ndi bokosi pamutu."

Anakhuthula mtedza pansi. Anawerenga mitolo yonse, mtedza umodzi mtolo umodzi, n'kuyamba kupatula milu, mulu uliwonse mtedza makumi awiri ndi anayi. Mulu wachisanu unaperewera.

"Ackim, tsegula pakamwa."

"Ndimangolawa, amayi."

"Ukudya katundu wa azungu. Lavula, ndipo khala patali."

Milu inakwana isanu. Hilary ankalemba msangamsanga pa sileti yonyowabe. Maulendo asanu, masiku anayi ulendo uliwonse.

"Makumi awiri!" anafuula. "Ndakumbuka, ndi yankho lomwe lija!"

"Makumi awiri a chiyani? Pa Sabata ayenda?"

"Samu sinanene za Sabata, amayi."

"Mzungu wa tchalitchi angayendetse anthu pa Sabata? Ife akationa ndi nkhuni pamutu tsiku limenelo amatiitanira kwa akulu a mpingo. Werenga kuyambira Lolemba, ukafika pa Sabata udumphe."

Hilary anawerenga pa zala. Masiku a Sabata atatu analowamo. Masiku makumi awiri ndi atatu.

"Koma anzathu onse alemba makumi awiri," anatero Ackim.

"Anzako onse ali ndi nsabwe, nawenso uzifuna?"

Belu linalira. Ackim anaganiza za nzimbe zake ziwiri, n'kulemba makumi awiri. Hilary anaona maso a amake, n'kulemba makumi awiri ndi atatu.

Mayiyo sanapite. Anakhala pansi pa zenera la kalasi, dengu pa miyendo. M'katimo munamveka nsapato za Che Ndevu, gu, gu, ndi Chinyanja chake chopindika. "Walakwa. Walakwa. Iwenso walakwa. Kodi nonse muli akunja? Mulibe Sabata kwanu?" Nsapato zinaima. Panapita nthawi yokwanira kusenda chinangwa chimodzi.

"Hilary. Wakhoza. Iwe wekha. Anakuphunzitsa ndani?"

"Ndinaganiza ndekha, bwana."

Kunja kwa zenera kunamveka kutsokomola kumene Hilary ankakudziwa chibadwire.

"Ndi amayi, bwana."

Atatuluka, Hilary anathamangira kwa amake akumwetulira mpaka m'makutu, nati mzungu wafafaniza cholakwa chimodzi pa ziwiri zija, ndiye sapita kwawo. Mayiyo anali atasenza kale dengu.

"Chabwino. Chinangwa ndasiya pakhomo, ugawireko wakuba mnzakoyo, taona mmene akulirira. Ine ndapita, chimanga sindinasinje."

Anatenga njira ya ku Ndirande dzuwa lili pamutu. Atafika pa mtsinje wa Nasolo, pamene panalibe wowaona, anatula dengu, nakhala pa mwala mpaka miyendo inasiya kunjenjemera.