Thadzi la ku Nsaru

Mayi Sellah Chikaonda a ku Area 43 ankadzitcha mlimi, chonsecho khasu ankangoliona m'manja mwa wantchito. Ulimi wawo unali nkhuku zamazira zodzadza khola kuseri kwa nyumba. Zinali zitangoyamba kuikira, ndipo mayiwa anali atalengeza kale kwa anzawo a kumpingo kuti mazira a m'sitolo asiye kugula. Mbiri yawo yonse inagona m'kholamo.

Tsiku lina apongozi awo, mayi ake a bambo Chikaonda, anatulukira kuchokera ku Nsaru, fumbi lili mbuu kumapazi, thadzi lakuda lili kukhwapa.

"Apongozi, kankhuku aka muphe lero lomwe, tidye," anatero gogoyo atagwada pakhonde.

Mayi Sellah analiyang'ana thadzilo monga ayang'anira ntchentche m'kapu. Mafupa okhaokha, nthenga zonyankhalala. Iwo akasosole chimenechi m'khitchini mwawo mwa matailosi? Mwana aliyense wa kumudzi amadziwa kuti mlendo akati iphani lero, umanola mpeni kapena umafunsa chifukwa. Koma mayiwa za kumudzi anazivula kalekale pamodzi ndi chitenje, ndipo ankanyadira kuziiwala.

"Zikomo amayi, tiona," anayankha. Analiponya m'khola muja kuti liyambe lanenepa, gogoyo n'kumudyetsa soseji ya m'fuliji. Kutacha anamukweza minibasi.

Sabata isanathe thadzi lija linafa. Kenako zamazira zinayamba kuwodzera masanasana, mapiko ali pansi, makosi atapindika, chitosi chobiriwira. Katemera wa chitopa mayiwa ankati ndi wa nkhuku zoyendayenda m'zinyalala, osati za kumpanda ngati zawo. Dzenje limene anakumbitsa kuseri kwa mapapaya linadzadza, m'khola n'kutsala magome a madzi okha.

Anaimba foni ku Nsaru mwaukali, moni osapereka.

"Amayi, nkhuku yanu ija yandithera khola lonse. Munkadziwa kuti ikudwala?"



"Kodi simunadye?" anafunsa gogoyo motsitsa mawu. "Kuno chitopa chinasesa mudzi wonse, apongozi. Kwanga kunatsala yomweyo. Ndinati isafe chabe, akadyeko ana anga a m'tauni."